Mwana wanga akukapanga batala kusukulu ku Ireland, ndi phunziro kapena masewera?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Malawi yemwe pano akukhala ku County Limerick, ku Ireland. Akuti mwana wawo wa zaka 9 ali mu third class, ndipo aphunzitsi apempha makolo angapo kuti adzathandize tsiku lomwe ana azidzapanga batala mmene ankapangira makolo akale a ku Ireland. Iwo avomera kale koma sanapangepo batala chibadwire, ndipo mumtima akuona ngati ndi kutaya nthawi komanso kirimu, mafuta aja amayandama pamwamba pa mkaka, poti batala ali mbwee mu shopu. Nde akufunsa kuti zimayenda bwanji, nanga mwana amatolapo chani?

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli, ndipo mwachita bwino kuvomera. Ine ntchito yanga ndi ya za mkaka ndi zakudya, ndipo ndimathandizako masukulu kuno pa zimenezi, nde ndikuuzani mosabisa mawu. Likhoza kukhala phunziro loti mwana sadzaliiwala, likhozanso kukhala masewera ongodetsa matebulo basi, ndipo kusiyana kwake kuli pa inu akuluakulu amene mudzakhale mkalasimo. Mukamadzawalanda botolo anawo akatopa, kuwauziratu chomwe chichitike, kuwatsukira batala kuti asadzithimbirize, pamenepo mwataya kirimu zoona. Koma mukawasiya agwire okha kuyambira poyamba mpaka pothira mchere, kenako nkukafunsa achikulire kunyumba, mwana amachoka ali ndi sayansi, masamu ndi mbiri ya dziko lomwe akukuliramo, zonse zitalowera mmanja.

Muyambe mwadziwa kaye chifukwa chake aphunzitsi a kuno amasankha batala osati chinthu china. Dziko lino mvula yake mwaiona nokha, siikata, msipu umakhala wobiriwira pafupifupi chaka chonse, nde kuyambira kalekale chuma cha munthu chinali ng'ombe, makamaka zamkaka. Vuto nloti mkaka suchedwa kuwonongeka, mafuliji kunalibe, magetsi kumidzi anayamba kufika mu 1946 ndipo madera ena anadikira zaka zambiri. Ng'ombe zimatulutsa mkaka wochuluka msipu ukakhala wambiri, kukazizira mkaka umachepa, nde njira yosungira mkaka wa miyezi yabwino kuti udzathandize miyezi yovuta inali kuusandutsa batala nkuthira mchere wambiri.

Ndipo sizinayambe dzulo. Anthu okumba turf, dothi lakuda lija la mmadambo lomwe amaumitsa nkumasonkhera moto, mpaka lero amatulukira zimibulu za batala zomwe zinakwiriridwa kalekale, zina zili mu timigolo tathabwa, zina zokulungidwa mu khungwa kapena chikopa. Wakale kwambiri yemwe asayansi anamupima ndi wa cha mma 1700 BC, zaka zoposa 3,500 zapitazo. Mu 2016 ku County Meath anafukula chimbulu cha makilo 10 chomwe akuti chakhala pansi zaka ngati 2,000. Dambo la mtundu umenewu ndi lozizira, lili ndi asidi, mpweya sulowa, nde tizilombo towoletsa zinthu timalephera kugwira ntchito. Chifukwa chokwiririra akatswiri amasiyana maganizo, ena amati kunali kusunga, ena kubisa kwa adani, ena nsembe, ndipo funso limeneli muwasiyire ana akangane okha, amalikonda zedi.

Kenako pali nkhani ya Cork. Cha mma 1770 amalonda a mzindawu anakhazikitsa msika wa batala ku Shandon, womwe mzaka za mma 1800 unafika pokhala msika wa batala waukulu kuposa wina uliwonse pa dziko lapansi. Alimi ankachokera kutali ngati ku Kerry, kutsika mapiri ndi akavalo atasenza timigolo tathabwa totchedwa firkin, kalikonse kolemera makilo oposa 20, ndipo misewu ina ya kumeneko mpaka pano amaitchula kuti misewu ya batala. Akafika, woyeza ankalowetsa kachitsulo kakatali mpaka pansi pa mgolo, kutulutsa, kununkhiza, kulawa, nkupereka giredi, ndipo giredi imeneyo ankaidinda pa mgolopo kuti wogula wa ku West Indies, Brazil kaya Australia adziwe chomwe akugula. Msikawu unatsekedwa mu 1924. Koma pali mbali yowawa yomwe ndimafuna ana aziimvanso. Mabanja ambiri osauka batala amene ankapangayo sankamudya, ankagulitsa kuti alipire lendi kwa eni malo, iwo nkumadya mbatatesi ndi mkaka wotsala akachotsa batala. Olo mzaka za njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 batala ankatulukabe mmadoko kupita kunja anthu akufa ndi njala. Mwana wa zaka 9 zimenezi amamva, bola kumuuza mwachifatse.

Chomwe chinasintha zinthu ndi makina. Mu 1878 Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga makina opatula kirimu ku mkaka pozunguza mwamphamvu, ntchito yomwe inkatenga tsiku inayamba kutenga mphindi. Batala wa ku Denmark wopanda mchere wambiri anayamba kulanda msika wa ku England, majarini nayenso anali atatulukira mu 1869, nde alimi a kuno anayamba kusonkhana mma koparetivu omwe Horace Plunkett ankalimbikitsa, ndipo fakitale yoyamba ya mkaka ya koparetivu inatsegulidwa mu 1889 ku Drumcollogher, mu County Limerick mwanumo. Auzeni aphunzitsi zimenezo ngati sanazikonze kale. Chinanso, ntchito yomwe inali ya amayi pakhomo, yomwe inkawapatsa kandalama kawokawo, inachoka mmanja mwawo nkupita kwa abambo ndi makina. Kerrygold amene mukumuona mu shopuyo anayamba mu 1962. Komabe kumidzi amayi ambiri anapitiriza kupanga batala wawo wapakhomo mpaka cha mma 1950 ndi 1960, nchifukwa chake agogo ena amoyo lero amazikumbukira bwinobwino.

Ankapanga chonchi. Akakama, mkaka ankauthira mu mbale zazikulu zosazama nkuuika malo ozizira usiku wonse kapena tsiku lathunthu, kirimu nkuyandama pamwamba, amayi nkumuwengula ndi kambale nkumuthira mu mtsuko. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka akwane, nthawi zambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata, nde pofika tsiku lopanga kirimu uja amakhala atasasa pang'ono, ndipo kusasa kumeneko ndi kumene kunkapatsa batala wakumudzi kukoma kwake kwamphamvu. Chopangira chake, churn, poyamba ankachitsuka ndi madzi owira kenako ozizira. Chofala kwambiri chinali mgolo wathabwa woimirira, wotakata pansi, wokhala ndi chivundikiro chobowoka pakati, pabowopo pamadutsa ndodo yaitali yomwe kumunsi kwake kuli kathabwa kozungulira kokhala ndi mabowo. Mukaona koyamba mudzakumbuka mtondo ndi munsi, ndipo kagwiridwe kakenso nkomweko, kukweza kutsitsa, kukweza kutsitsa, theka la ola, ola, pena kuposa. Mayi wodziwa sankafunika kutsegula kawirikawiri, ankamva ndi khutu komanso kulemera kwa ndodo mmanja kuti batala wayandikira. Kukazizira ankathiramo timadzi tofunda, kukatentha tozizira, thermometer analibe koma ankadziwa kuti kirimu wozizira kwambiri sabereka ndipo wotentha kwambiri amatulutsa batala wa phalaphala. Pambuyo pake kunabwera migolo yozunguza ndi chogwirira, komanso timabotolo tagalasi tokhala ndi zopalasa mkati.

Tsopano za mkalasi. Churn yeniyeni ikapezeka ndi bwino kuti ana aione ndi kuigwira, koma pa ntchito yeniyeniyo botolo lokhala ndi chivindikiro chopotokola limakwana, ndipo ine ndimakonda botolo chifukwa mwana amaona zomwe zikuchitika mkati. Likhale lapulasitiki yolimba. Ena amalangiza kuponyamo mabo kuti zifulumire, mu botolo lagalasi musayerekeze, limasweka mmanja mwa mwana. Kirimu akhale wa pasteurised, kutanthauza wotenthetsedwa kale kufakitale kuti tizilombo tife, uja amalemba fresh cream kapena double cream, ndipo muyang'ane pa lebulo kuti mafuta ake ndi magalamu 35 kapena kuposa pa 100 aliwonse. Uja wopepuka, wophikira, kapena wopopera wa mchitini sangakupatseni kanthu. Mumutulutse mu fuliji ola limodzi musanayambe kuti afike cha pa madigiri 12 mpaka 15. Botolo musadzaze, gawo limodzi mwa atatu basi, likachuluka theka, chifukwa kirimu amafunika malo oti azimenyeka. Ana anayi kapena asanu pa botolo limodzi, azipatsirana.

Akayamba kukhutchumula, poyamba mumamveka kuti khuvu khuvu, ana akuseka, aliyense akufuna botolo. Pakapita mphindi zingapo phokoso lija limayamba kuchepa, kenako zii. Kirimu wakwera, wadzaza botolo lonse, wamatirira mmbali, mwana akugwedeza koma palibe chikuyenda, mkono ukuwawa, nde amatembenuka nkukuyang'anani kuti zakanika. Mayi, mphindi imeneyi ndiye phunziro lonse lagona pamenepo, ndipo ndi pamene makolo ambiri amaononga chifukwa cha chifundo. Musalande botolo. Muwauze atsegule, aone, alawe ndi kasupuni koyera, anene chomwe akuona, alembe nthawi, atseke bwino nkupitiriza, wotopa apatsire mnzake. Akalimbikira, pulasitiki ija imayamba kuonekanso mkati, kirimu amaoneka ngati wa timibulu timibulu, mtundu ukusintha kupita ku chikasu, kenako mwadzidzidzi mumamva kuti phwa, kenako du du du, chimbulu chikugunda chivindikiro ndipo madzi oyera akuthamanga mmbali. Kalasi yonse imakuwa. Zonsezi zimatenga mphindi 10 mpaka 20. Mwana amene wadutsa pa zii paja ndi mkono wake mpaka kumva phwa, mukadzamufunsa chaka chamawa adzakufotokozerani ndondomeko yonse, pomwe amene anangoonerera bambo a mnzake akugwedeza amangokumbuka kuti anadya buledi.

Chomwe chachitika mu botolomo nchosavuta kufotokoza. Mu kirimu muli timadontho tamafuta tating'onoting'ono tomwe tikuyandama mmadzi, kalikonse kali ndi kachikopa kopyapyala komwe kamaletsa kuti tisamatane. Pogwedeza mumalowa mpweya, nchifukwa chake amayamba wakwera ngati thovu, koma mukapitiriza timadontho tija timawombana, tizikopa timang'ambika, mafuta amatuluka nkuyamba kumatana, thovu limagwa, mafuta amapita kwawo madzi kwawo. Poyamba anali mafuta mkati mwa madzi, pano ndi timadzi tochepa mkati mwa mafuta. Kirimu wozizira kwambiri mafuta ake amakhala olimba, samatana msanga, wotentha kwambiri amakhala amadzimadzi, sagwirana bwino. Koma izi musawauze asanayambe. Chabwino nchakuti gulu lina mulipatse kirimu wongochoka mu fuliji, lina uja wakhala panja ola, lina mkaka wamba wa mu shopu womwe olo augwedeze mpaka belu sutulutsa batala, aliyense ayambe walosera, kenako ayerekeze nthawi zawo. Akafunsa okha kuti nchifukwa chani awo atsogola, mpamene mufotokoze. Gulu la mkaka lija mudzalipatsenso kirimu pambuyo pake lisapite kunyumba lili khuma.

Mudzatengenso sikelo ya kukhitchini, chonde. Ayeze kirimu asanayambe, kenako ayeze batala payekha ndi mkaka wotsala pawokha, aphatikize, aone kuti kulemera kwabwerera pafupifupi pomwe kunali, palibe chasowa kupatula zomatirira mu botolo. Kirimu wa 250 ml amapereka batala wa magalamu 100 kapena kuposerapo pang'ono. Apa masamu amabwera okha, kilo imodzi ya batala imadya mkaka pafupifupi malita 20, nde chimbulu cha magalamu 454 chomwe mumagula chija, yomwe ndi paundi imodzi ya muyeso wakale, ndi mkaka wa malita 9 kapena 10. Mwana akawerengera yekha amamvetsa chifukwa chake batala ndi wodula kuposa majarini, komanso chifukwa chake banja la ng'ombe ziwiri linkatenga masabata kuti lidzaze firkin imodzi. Lamulo la ku Europe limati batala wa mchere akhale ndi mafuta osachepera 80 pa 100 ndipo madzi asapitirire 16 pa 100, ana okulirapo akhoza kuwerenga zimenezo pa pepala lokutira batala.

Gawo lomwe anthu ambiri amalidumpha ndi kutsuka, ndipo zimandiwawa chifukwa amayi akale apa mpamene ankaonetsera luso. Mukatsanula mkaka wotsala uja kudzera pa sefa, musautaye, chimbulu chija chiikeni mu mbale nkuthira madzi ozizira kwambiri, a ayezi ngati alipo. Mwana atenge supuni yathabwa azikanikiza batala mmbali mwa mbale, kupinda, kukanikizanso. Madzi amasanduka oyera ngati mkaka. Atsanule, athire ena, akanikizenso, ndipo adzaona timadontho toyera tikutuluka mu batala ngati thukuta nthawi iliyonse akapinda. Katatu, kanayi, mpaka madzi azituluka opanda mkaka, ooneka ngati mmene analowera. Chifukwa chake nchakuti mkaka wotsalira mkati ndi umene umawola, batala wosatsuka bwino amanunkha pakapita masiku awiri atatu. Manja asagwire kwambiri chifukwa kutentha kwa manja kumasungunula, nchifukwa chake akale ankagwiritsa timathabwa tiwiri tamizeremizere tonyikidwa mmadzi ozizira, totchedwa butter pats, pomenya ndi kuumba. Timapezekabe, ndipo agogo ena ali nato mu kabati, aphunzitsi akafunsa mu kalata ya makolo mwina wina abweretsa. Mchere wake ndi pang'ono, kotala ya tiyi supuni pa magalamu 100 yakwana. Pomaliza amayi ankadinda chizindikiro pamwamba ndi chidindo chathabwa, duwa, tsekwe, tsamba, kuti pamsika adziwike mwini wake, nde ana akhoza kujambula chawo ndi kamtengo kotokosera mmano.

Akafunsa za mtundu wachikasu, ndi beta-carotene wochokera mu udzu wauwisi omwe ng'ombe za kuno zimadya miyezi yambiri pa chaka. Nthawi yozizira ng'ombe zikamadya udzu wouma batala amatuwa, ndipo amayi ena ankathiramo madzi a karoti kuti aoneke bwino pamsika.

Pali msampha umodzi womwe ndikufuna mukawachenjeze aphunzitsi. Ambiri amakonza zoti mkaka wotsala uja aphikire soda bread, kuti ana adye buledi wawo ndi batala wawo, maganizo abwino ndithu. Koma buledi ameneyu amafufuma chifukwa soda amakumana ndi asidi wa mu mkaka wosasa. Wa amayi akale unali wosasa chifukwa kirimu wawo anali wa masiku angapo, pomwe wa mkalasi uchokera ku kirimu watsopano, ulibe asidi wokwanira, nde buledi amatuluka wolemera, wonunkha soda. Muthiremo madzi a mandimu pang'ono, kapena muphatikize ndi buttermilk wa mu shopu, mkaka wonga chambiko womwe unasasitsidwa kale. Ndipo ana akalawa mikaka iwiriyo nkuona kusiyana, ndi phunziro linanso laulere. Zosiya kirimu panja usiku kuti asase ngati kale, ine kusukulu sindilimbikitsa.

Tsopano mbali yomwe ndimaikonda kuposa zonse. Pakati pa 1937 ndi 1939 bungwe la Irish Folklore Commission linapempha masukulu a pulayimale kuti ana azikafunsa makolo, agogo ndi achikulire a mmudzi za miyambo, nthano, mankhwala, ntchito zapakhomo, nkumalemba mmakope. Ana oposa 50,000 a mmasukulu 5,000 anachita nawo, ndipo kupanga batala unali umodzi mwa mitu yomwe anapatsidwa. Makope amenewo alipo, amatchedwa Schools' Collection, anaikidwa pa intaneti pa dúchas.ie ndi zolemba za manja a anawo, ndipo mukhoza kusaka ndi dzina la county kapena la mudzi. Tangoganizani mwana wa third class ku Limerick akuwerenga zomwe mwana wokulirapo pang'ono kuposa iye, wa dera lomwelo, mwina wa sukulu yomweyo, analemba zaka zoposa 80 zapitazo za churn ya mayi ake, kutalika kwake, zaka zake, masiku omwe ankapanga. Akawerenga mkono ukadali kuwawa ndi botolo lija, mbiri imasiya kukhala ya mbuku.

Mmakope amenewo mudzapezamo zikhulupiriro zambiri. Mlendo akalowa mnyumba anthu akupanga batala ankayenera kunena kuti Bail ó Dhia ar an obair, kutanthauza Mulungu adalitse ntchito, ndipo ankayenera kugwirako ndodo ija olo kangapo, kaya ndi wansembe kaya wopemphetsa, apo ayi ankati achoka ndi mwayi wa batala. Khala lamoto silinkaloledwa kutuluka mnyumba nthawi imeneyo, olo bambo kuyatsira kaliwo nkutuluka. Ena ankaika khala kapena chitsulo cha kuphazi kwa kavalo pansi pa churn, ena kumangirira kanthambi ka mtengo wa rowan. Tsiku loopsa kwambiri linali 1 May, ankati munthu wanjiru akhoza kuba batala wa chaka chonse mmawa wa tsikulo, ndipo nthano zambiri zimakamba za mayi wokalamba wosanduka kalulu nkumayamwa ng'ombe za eni ake. Brigid Woyera, yemwe tsiku lake ndi 1 February, amamutenga ngati mtetezi wa ng'ombe ndi mkaka, ndipo nthano zake zambiri nza batala yemwe ankapatsa osauka koma osatha.

Pempho langa nloti zimenezi zisakambidwe moseka, ngati kuti anthu akale anali opusa. Mayi amene wagwedeza maola awiri batala osabwera, lendi ikudikira, ana akudikira, sadziwa kuti vuto ndi kuzizira kwa kirimu kapena ng'ombe zomwe zatuluka mu nyengo yozizira zili zowonda, pomwe kwa neba batala akutuluka bwinobwino, mantha ake anali enieni. Komanso panali amayi osauka, amasiye, omwe ankanamiziridwa kuba batala popanda chifukwa, imeneyonso ndi mbali ya nkhaniyi. Ana amene angoona ndi maso awo kuti botolo lozizira linachedwa akhoza kufunsidwa kuti mukuganiza chinkachitika nchani, ndipo amayankha mwanzeru kwabasi. Mwambo woti aliyense wolowa agwireko ndodo, ine ndimaona kuti unalinso ndi phindu looneka, mayi wotopa ankapumako. Mukhoza kuuchita mkalasi, ahedi kapena wina aliyense akalowa anene mawu aja nkugwedezako botolo.

Aphunzitsi akapereka ntchito yoti ana akafunse agogo awo, mwana wanu asaone ngati alibe pofunsa. Funso lenileni si batala yekha, ndi loti kodi chakudya munkasunga bwanji kulibe fuliji. Aimbe kumudzi pa WhatsApp, agogo ake amuuze za mfutso, za kuyanika nsomba ndi kuwamba nyama, za chambiko, alembe mmene ana a 1937 ankalembera, ndi dzina la dera ndi zaka za wofotokoza. Mkalasi za kuno masiku ano muli ana a makolo ochokera ku Poland, India, Nigeria, Brazil, wina adzabwera ndi nkhani ya ghee, wina ya tchizi, ndipo aphunzitsi abwino amasangalala nazo zimenezo. Mukawatchulire pasadakhale kuti funsolo alifunse motakata choncho.

Za chitetezo ndinene mwachidule koma musazipeputse. Sukulu idziwiretu ngati pali mwana yemwe thupi lake limadana ndi mkaka, chifukwa kwa ena olo kukhudza kokha kapena kudonthokera kumayambitsa zoopsa, nde makolo ake ndi amene anene chomwe angachite, kaya kugwira wotchi ndi kulemba nthawi ali patali kaya ayi. Uyu ndi wosiyana ndi amene amangotsegula mmimba akamwa mkaka wambiri. Mkaka kapena kirimu wosaphitsa wochokera ku famu asalowe mkalasi olo wina anene kuti ndiye wachikale weniweni, akale aja ankadwala nawo TB ndi matenda ena. Kusamba mmanja ndi sopo, tsitsi kumanga, mabotolo otsuka ndi madzi otentha, aliyense kasupuni kake polawa. Chivindikiro muzichiona nokha kuti chatsekeka musanapereke botolo, ndipo mutenge matawulo ambiri kuposa mmene mukuganizira. Batala adyedwe tsiku lomwelo, wotsala akalowe mu fuliji msanga ndipo athe mkati mwa sabata ngati anatsukidwa bwino nkuthiridwa mchere. Masukulu ena salola kuti apite naye kunyumba, mufunse kaye ana asanalonjezedwe.

Nthawi yokwanira ndi ola limodzi ndi theka, ola limodzi limachepa chifukwa kutsuka ndi kukolopa kumadya nthawi, ndipo chikathinana chimene chimadulidwa ndi kukambirana kuja komwe kuli kofunika kwambiri.

Ngati kalasi ikuganiza za ulendo, malo alipo. Butter Museum ili ku Shandon ku Cork pafupi ndi pomwe panali msika uja, inatsegulidwa mu 1997, ndipo muli ma churn, ma firkin ndi batala wofukulidwa mdambo. Ku Killarney kuli Muckross Traditional Farms komwe amaonetsa moyo wa pa famu wa mma 1930 ndi 1940, ku Castlebar kuli National Museum of Ireland ya Country Life, koma kwa inu pafupi ndi Bunratty Folk Park ku County Clare, kungotuluka mu Limerick pang'ono. Langizo langa nloti ayambe apanga okha mkalasi, ulendo ubwere pambuyo, chifukwa mwana amene wavutika ndi kabotolo ka 250 ml akaima pafupi ndi churn yofika mchiuno mwake amafunsa mafunso ena, kulemera kwake, amanyamula ndani, amatsuka bwanji, madzi ankatunga kuti. Ndipo aphunzitsi aimbe foni kaye kufunsa ngati tsiku lomwe akufuna kupitalo kudzakhale wopanga batala pamaso pa ana, chifukwa si tsiku lililonse amachita zimenezo.